Dzina Langa Linali Lopita Nalo Kumanda

Dzina langa ndi Lykourgos, koma mutabwera kuno ku Lowell n'kufunsa za Lykourgos, anthu angakulozereni ku famase poganiza kuti mukufuna mankhwala a chifuwa. Funsani za Lou wa pachiwaya, ngakhale agalu akuperekezani mpaka pakhomo pa lesitilanti yanga. Dzinali ndi la agogo anga, nawonso analitenga kwa agogo awo, amene anabadwa nthawi imene anthu kwathu ku Sparta anatengeka ndi maina a makolo akalekale, aja opezeka m'mabuku a kusukulu. Kumudzi silinkavuta munthu. Linayamba kulemera nditatsika sitima kuno ku Amereka.

Wa pachipata cholowera m'dziko analemba Lycurgus, akuti ndi mmene lilili m'mabuku a Chingerezi. Kubanki analemba Likourgos. Kutchalitchi kokha ndi kumene amalemba molondola, koma m'tchalitchi munthu sakhalamo sabata yonse. Bwana wanga woyamba, Mgiriki mnzathu amene anabadwa Epaminondas n'kusanduka Pete, anandimvetsera ndikulitchula kamodzi kokha n'kunena kuti mazira angapserere iye asanamalize kundiitana. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Lou. Sindinali ndekha. Themistoklis wa pagalaja ndi Tim, Miltiadis wogulitsa maluwa ndi Milton, Alkiviadis anatsala ndi Al basi, ngati nkhuku yososoledwa nthenga. Pali mphunzitsi wina wopuma pantchito amene amadya kwa ine m'mawa uliwonse, amati dzina langa amalidziwa bwino chifukwa anawerenga za mwini wake woyamba, wopanga malamulo wa ku Sparta yakalekale. Amalitchula mwa Chingerezi, monyadira kwambiri, koma mmene amalitchuliramo ngakhale mayi anga ondibereka sakanacheuka. Ine ndimangomuwonjezera khofi.

Kwathu dzina silisankhidwa ngati malaya. Mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la agogo ake a kuchimuna, wachiwiri amatenga la agogo ake a kuchikazi, palibe zokambirana. Munthu akamva dzina lake likuitanidwa pa kamwana kothamanga m'holo ya tchalitchi, amadziwa kuti akhoza kufa mtima uli m'malo. Miltiadis ali ndi adzukulu angapo a dzina lake, ndipo akabwera kudzamwa khofi amadandaula mwadala kuti akaitana mmodzi amabwera onse. Ine ndinalibe mwana wondiberekera mdzukulu wotere. Ndinkauza anthu kuti zilibe kanthu, dzina lovuta ngati limeneli bola lithere pa ine, koma mumtima zinkandiwawa. Pa ubatizo wa adzukulu a anzanga ndinkadya pang'ono n'kuchoka msanga.

Ndinakwatira Evanthia ali wamasiye. Mwamuna wake woyamba, Haralambos, anafa pangozi ya galimoto mwana wawo Pandelis asanayambe n'kuyenda komwe. Haralambos anasiya mlongo wake mmodzi, mayi Ourania, ndipo amene anakumanapo ndi mayi Ourania safuna kufotokozeredwa zambiri. Ndi a ku Mani, dera lina la kwathu komweko, kumene anthu amasunga chakukhosi ngati cholowa, aafupi, ovala zakuda kuyambira tsiku la maliro a mlongo wawo, pakamwa ngati lumo. Ukwati wathu usanachitike anandiitanitsa n'kundiuza mosapsatira mawu kuti mkaziyo ndikhoza kumutenga, koma mwanayo ndi wa Haralambos. Sadzatenga dzina la banja langa, ndipo sadzanditchula kuti bambo. Ndinavomera, chifukwa ndinkamufuna Evanthia moti akanati ndizigona pakhonde ndikanavomeranso.

Motero Pandelis anakula akunditchula kuti a Lou, ngati kasitomala. Ndinamuphunzitsa kupalasa njinga, kuphwanya dzira ndi dzanja limodzi, kenako kumeta ndevu. Chaka chilichonse tinkapita tonse kumanda a bambo ake ndi mbale ya tirigu wowiritsa wa chikumbutso, ine n'kuima kumbuyo chipewa chili m'manja. Ndi mayi Ourania sitinkamwerana madzi, koma sitinakanganepo. Ankangondiyang'ana ngati munthu amene wabwereka mphika ndipo sizikudziwika ngati aubweza. Evanthia atamwalira ndinaganiza kuti mnyamatayo azingondikumbukira pa Pasaka, koma anapitiriza kubwera kukhitchini kudzandibera mbatatesi m'chiwaya ngati kale.

Anakwatira Maureen, mtsikana wofatsa wa banja la Chiairishi. Paukwati wawo amene anawasinthanitsa nkhata za maluwa pamutu anali mayi Ourania, ndipo mwamwambo wathu wogwira nkhata ndi amene amakhala mayi wa ubatizo wa mwana woyamba. Iyeyo ndi amene amanyamula mwana, iyeyo ndi amene amatchula dzina pamaso pa ansembe, ndipo chimene watchula chatchulika. Mwana wamwamuna atabadwa tinkangomuti Bebi, poti mwana wosabatizidwa sitimutchula dzina. A kuchipatala anaimba foni mpaka kutopa kufunsa choti alembe, Maureen n'kumangowauza kuti adikire, akwawo a mwamuna wake ali ndi njira zawo. Komabe panalibe chinsinsi. Aliyense ankadziwa kuti Bebi ndi Haralambos, moti azimayi a kutchalitchi anali atayamba kale kumuti Harry.

Kutatsala masiku ochepa kuti ubatizo uchitike, masana anthu ambiri atatha kudya, Pandelis anabwera kukhitchini n'kuima pafupi ndi furiji osaba kanthu. Ndinadziwa kuti pali nkhani. Anayamba ndi za denga lodontha, n'kupita ku za matayala a galimoto, kenako anati iye ndi Maureen akambirana, akufuna kukapempha azakhali ake kuti mwanayo akhale Lykourgos.

Ndinatembenukira kuchiwaya n'kuyamba kupala mafuta amene ndinali nditapala kale.

"Wapenga iwe?" ndinatero. "Ukufuna mwana azidzamera ndevu asanadziwe kulemba dzina lake? Aphunzitsi azikatsamwa poitana maina, ana onse n'kumaseka?"

"Inuyo munafa nazo?"

"Ine ndine Lou. Iwe ndiwe mwana wa Haralambos, ndipo munthu uja ali m'dothi alibe china chimene akudikira koma chimenechi. Ukamulanda, wamulanda chomaliza."

"Sindiwadziwa n'komwe, a Lou. Ndimadziwa chithunzi chawo. Amene ankandidikira panja pa sukulu chipale chikugwa ndi amene ndimawadziwa."

Ndinamuuza kuti asiye kulankhula ngati za m'mafilimu, chibale ndi fupa sichiola, ndipo akayerekeza kukavutitsa azakhali ake ndi nkhani imeneyi asadzapondenso m'khitchini mwanga. Anatola kachidutswa ka tchizi, n'kutuluka. Nditatsala ndekha ndinakhala pa thumba la anyezi n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinali nditakana ndi pakamwa panga chinthu chokhacho chimene ndinkachifuna. Oda ya tebulo la pawindo inapserera, ndinachita kuphikanso.

Pomudziwa Pandelis kuuma mutu, ndinaganiza zoti ndiyambe ndine kukafika kwa mayi Ourania, kuti nkhaniyo akaimve kwa ine isanawafike mokhota. M'mawa mwake ndinavala jekete, n'kugula bokosi la makeke, n'kukwera masitepe a nyumba yawo. Anandilandira monga mwa mwambo, khofi m'kakapu kakang'ono, madzi ozizira, ndi supuni ya zipatso zophika mu shuga, chifukwa munthu wa ku Mani akhoza kukuda koma sangakumane khofi. Patebulo panali zonse zimene mayi wa ubatizo amagula: kamalaya koyera, kandulo yaikulu, botolo la mafuta a olivi, kamtanda kagolide, ndi dengu la timaliboni tobaya pachifuwa pa alendo, tonse titasindikizidwa kale dzina la Haralambos. Pa chithunzi cha pakhoma Haralambos mwini wake ankatiyang'ana ali ndi tsitsi lake lonse, mnyamata wocheperapo msinkhu kuposa mwana wake lero.

Ndinawauza kuti mnyamatayo wabwera ndi maganizo opusa, koma asadandaule, ndamukalipira kale, dzina ndi la mlongo wawo ndipo ine sindikulimbirana nawo. Ndinkayesa ndikuchita zaulemu. Ndinangoona nkhope yawo ikuuma.

"Ndiye mwabwera kudzandigawira dzina la mlongo wanga ngati chakudya chotsala m'lesitilanti mwanu?"

"Sindinatero, mayi."

"Amene atchule dzina Lamlungu ndine. Sindinapemphe chilolezo kwa wokazinga mazira."

Ndinanyamula chipewa. Anandiuza kuti ndikhale pansi, khofi sindinamalize. Anasalaza kamalaya koyera kaja ndi chikhato, kenako anafunsa, osandiyang'ana, kuti kodi m'nyumba mwathu, iwo kulibe, mwanayo ankanditchula kuti chiyani. Ndinati a Lou, monga amanditchulira lero. Anati ndisawapusitse, iwo si mwana, amadziwa kuti chitseko chikatsekedwa anthu amachita zawo.

"Kamodzi kokha," ndinatero. "Anali atangoyamba sukulu. Anagwa pa njinga n'kung'ambika chibwano. Ndikumunyamula kupita naye kuchipatala anati, bambo, zikuwawa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati ndikudziwa kuti zikuwawa, koma ine ndine Lou, bambo ako ndi a Haralambos."

"Mwana akutuluka magazi?"

"Munandiuza ndinu."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Anati mawu aja anawalankhula chilonda cha maliro chikadali chachiwisi, ndipo zaka zonsezi ankakhulupirira kuti ine ndi Evanthia tinkawaseka kumbali, mwana n'kumati a Lou pamaso pawo pokha pofuna kuwanyengerera. Ndinati ayi, ndinalonjeza, ndipo kwathu tikhoza kusowa nsapato koma mawu timasunga. Ndinawonjezanso, poti pakamwa panga panali patatseguka kale, kuti tsiku lija kuchipatala mwanayo sanalire pomusoka, analira titafika kunyumba, ndipo Evanthia sanandilankhule mpaka sabata inatha. Mayi Ourania anatenga kapu yanga, khofi yemwe uja ndisanamalize, n'kunena kuti ali ndi zambiri zochita, ndizipita. Ndinatsika masitepe ndikudzitukwana kuti ndapita kukazimitsa moto ndi palafini.

Masiku otsalawo ndinadzikwirira m'ntchito. Nyama yankhosa ya paphwando ndinalonjeza kuotcha ndine, ndipo ndinaiotcha ngati ndikupepesa. Pandelis sanabwere kukhitchini, inenso sindinamuimbire.

Lamlungu mapemphero atatha tinasonkhana pakhomo pa tchalitchi, pamene ubatizo umayambira. Ine ndinaima kumbuyo pamodzi ndi abale a Maureen, amene ankayang'ana kwa ine kuti adziwe nthawi yochita chizindikiro cha mtanda. Mayi Ourania ananyamula Bebi, zovala zakuda zomwe zija, tsitsi lokha atalikonza. Ansembe atawauza kuti akane Satana n'kumulavulira m'malo mwa mwana, analavula mwamphamvu moti Satanayo ndinamumvera chisoni. Ananena chikhulupiriro chonse pamtima osayang'ana m'buku. Kenako ansembe athu, mnyamata wobadwira konkuno amene Chigiriki chake n'cha kusukulu, anafunsa dzina la mwana, milomo yawo itakonzeka kale kunena Haralambos.

"Lykourgos."

Mayi Ourania analitchula lonse, mosafulumira, mmene amalitchulira kumudzi. Ndinatsala pang'ono kuvomera, poti panali patapita kalekale ndisanalimve likutchulidwa bwino chonchi. Ansembe anaweramira kwa iwo n'kunong'ona, koma m'tchalitchi mwathu manong'onong'o amamveka mpaka kumpando womaliza. Anafunsa ngati mayi sanalakwitse chifukwa cha kutopa, ndipo anawonjeza kuti iwo sakudziwa woyera mtima aliyense wa dzina limenelo, mwana adzasowa tsiku lokondwerera dzina lake.

"Ndiye ayambe iyeyu," anatero mayi Ourania. "Pitirizani, bambo, mwanayu ndi wolemera."

Ansembe anayang'ana kwa Pandelis. Pandelis anali atagwira pakamwa, anangogwedeza mutu kuvomera. Pambuyo pake anandilumbirira kuti kwa azakhali ake sanapiteko, anaopa kuthamangitsidwa m'khitchini, ndipo dzinalo analimva pamodzi ndi tonsefe.

Tinalowa mpaka pa beseni la ubatizo. Anamuvula mwanayo, mayi Ourania anatchera manja ansembe n'kuwathira mafuta, ndipo anamudzoza thupi lonse, m'khwapa, kuseri kwa makutu, pakati pa zala, chifukwa amati pamene mayi wa ubatizo waiwala kudzoza padzakhala pofooka moyo wonse. Pemphero lililonse linkabwereza dzina, kapolo wa Mulungu Lykourgos, kapolo wa Mulungu Lykourgos, ndipo mu ola limenelo ndinalimva kambiri kuposa zaka zonse zimene ndakhala m'dziko lino. Atamumiza m'madzi kamwanako kanakuwa mpaka azimayi oimba anasokonezeka.

Ndinali wokondwa, kukondwa kumene sindinakudziwepo, koma ndinalinso ndi manyazi. Ndinkadziwa bwino chimene chachitika. Pandelis akadzabereka mwana wina wamwamuna, ameneyo adzatenga dzina la bambo a Maureen. Haralambos analibe mwana wina, ndipo mayi Ourania sanabereke. Dzina lija linathera pakhomo pa tchalitchi paja. Atsikana atayamba kubaya timaliboni pachifuwa pa alendo ndinayang'ana kanga, ndipo kanali kakafupi, kodulidwa ndi sizasi pamene panali dzina. Ndinayang'ana ka Miltiadis, chimodzimodzi. Dengu lonse lija mayi aja analidula okha, kamodzikamodzi, patebulo pawo, mlongo wawo akuwayang'ana pakhoma.

Pamapeto mayi wa ubatizo amabwezera mwana kwa mayi ake, ndipo mayi a mwana amapsompsona dzanja lake. Maureen anachita zimenezi bwinobwino, anali ataphunzitsidwa. Mwambo suti wina aliyense achite nawo, koma ine miyendo inanditenga yokha. Ndinadutsa pakati pa anthu, nkhalamba ya imvi, n'kuwerama pamaso pa mayi Ourania n'kugwira dzanja lawo. Linali loterera ndi mafuta. Ndinalipsompsona. Ndinkayembekeza kuti alichotsa, koma sanalichotse.

"Musandithokoze," anatero motsitsa mawu. "Mlongo wanga ndamuika m'manda kachiwiri lero, ndi pakamwa panga. Ndikapita kumene aliko ndikayankha ndekha."

Ndinangofunsa chimene ndingawachitire, chilichonse chimene angafune.

"Musafe msanga. Dzina lanulo ndi lalitali, mwanayu limutengera nthawi, ndipo sindikufuna aliphunzire kwa anthu a kuno. Mukhalepo mpaka atalitchula lonse."

Fodya ndinasiya sabata yomweyo, ndipo dokotala amene wakhala akundikalipira zaka zambiri osaphula kanthu amaganiza kuti ndinamvera iyeyo. Lamlungu lililonse ndimawatenga mayi Ourania pa galimoto, amadandaula za kayendetsedwe kanga njira yonse, ine ndimangoti zikomo, ndipo amadziwa kuti sindikunena za malangizo awo. Kamwanako kayamba kulankhula. Kusukulu ya mkaka ayamba kale kukati Luke, ndipo sindilimbana nawo. Madzulo akabwera nako kulesitilanti ndimakakhazika pa kauntala n'kufunsa kuti iwe ndiwe yani. Pakali pano kamafika pa Liku. Zotsalazo tikulimbana nazo pang'onopang'ono, ndipo ine sindikufulumira.